Mphindi Khumi za a Nkhono

Lolemba, 2 Juni
Kufakitale kuno lamba woyendetsa mabotolo saima, ngakhale iweyo ukomoke. Ukafuna kuchimbudzi umakweza dzanja, n'kudikira riliva adzaime pamalo pako mphindi khumi. Wathu ndi mdala wina, timangomuti a Nkhono. Kuyenda kwake ngati akuwerenga matailosi.

Lero ndakweza kanayi. Kapitawo walemba m'kabuku kake, ndamuona. Miyezi yanga yoyeserera ikutha Lachisanu, ndipo zoti ndili ndi mimba akudziwa ndi abambo akunyumba okha. Zikamveka msanga, ntchito yapita.

Lachiwiri, 3 Juni
Ndafunsa abambo akunyumba kuti riliva kwenikweni n'chiyani. Akuti m'Chingerezi ndi aliyense kapena chilichonse chokupepuza, ngakhale mankhwala a mutu. Ndati ndiye mankhwala athuwa amachedwa kugwira. Aseka mpaka kutsamwa tiyi.

Lachitatu, 4 Juni
Nseru kuyambira m'mawa. Fungo la guluu wa malebulo, mayo ine! Ndinaluma mano kuti dzanja sindikweza. Ndangomva kumbuyo: "Pitani, mayi." A Nkhono, osaitanidwa. Abweranso kawiri, dzanja langa lili pansi. M'kabuku simunalowe kanthu.

Lachinayi, 5 Juni
Kapitawo wawafunsa a Nkhono pamaso panga chomwe akukakamirira pamalo panga. Iwo nkhope ili gwa: "Bwana, apa pali fani. Mukufuna ndikafere ku makatoni?" Kapitawo wapukusa mutu n'kuchoka. Fani yakeyo inafa chaka chatha!

Ndachita manyazi ndi dzina lija. Sindidziwa n'komwe lawo lenileni.

Lachisanu, 6 Juni
Kalata ndalandira! Wokhazikika! Ndinalowa nayo m'chimbudzi n'kuvina ndekha, chipewa cha ntchito mpaka kugwa.

Pobwerera ndapeza a Nkhono akuwongola mabotolo anga mwaulemu wawo uja. Ndati zikomo, ndikufuna kufotokoza. Andidula. Apisa m'thumba la ovolosi n'kundipatsa mandimu awiri.

"Mayi akunyumba anabereka asanu," akutero. "Pa mimba zonsezo ankadana ndi fungo. Lolemba mukawauze a ofesi, akupatseni mpando."

Kumapeto kwa lamba wina anali atakweza kale dzanja. A Nkhono ananyamuka, pang'onopang'ono. Ine mandimu m'manja, mabotolo atatu anandidutsa opanda lebulo.