Zala za Bambo Sizikunjenjemera

Tsuyama
9 Novembala

Okondedwa Achimwene Shigeki,

Kalata yanu ndalandira. Mukuti Bambo tiwapititse kunyumba yosungirako okalamba, poti chiwagwireni matenda opha ziwalo aja satizindikiranso, thupi lokha ndilo latsala. Nanenso ndinali nditavomera mumtima, koma imani kaye mumve zimene ndaona Lachiwiri.

Nditafika kuchipatala ndinapeza dzanja lawo lamanja atalikulunga m'kansalu. Namwino wake ndi mtsikana wabwino ndithu, koma wa masiku ano.

"Zala zawo zikunjenjemera kwambiri, mayi," anatero. "Akuzikhula pabulangete tsiku lonse, asupuka nazo."

Nditamasula ndinayang'anitsitsa. Achimwene, kunjenjemera kwanji kosankha zala? Chachikulu kukankhira m'mwamba, chamkombaphala kutsitsa, zinazo zili phee.

"Iwe mwana, sunagwirepo soroban, chowerengera cha mikanda chija, kusukulu?" ndinamufunsa.

"Aa, mayi, ife tinakulira makina," anaseka.

Ndinathamangira kunyumba ngati wamisala, ndi zaka zangazi, n'kukatenga soroban yawo yakuda ija imene ankaphunzitsira ana. Nditangoilowetsa pansi pa zala zawo, mikanda inayamba kulira. Anayamba ndi 1, n'kuwonjezapo 2, kenako 4, kenako 8, yotsatira iliyonse kuposa inzake kawiri, mpaka 4096. Apa analumphira pa 8191, nambala youma mutu yosagawika ndi china chilichonse, n'kuyambanso kuwirikiza, akuwonjezabe. Ataima, mikanda inkati 33,550,336.

Ndinati mwina zangochitika. Ndinatenga soroban ija n'kuyamba kugawa nambala yaikuluyo ndi iliyonse imene anawonjeza. Zonse zinalowamo popanda chotsala! Ndinafunafuna ina yoti n'kuigawa imene mwina anaiphonya, sindinaipeze. Ndiye kuti nambala imeneyi mukasonkhanitsa zonse zoigawa, kupatula iyo yomwe, n'kuziphatikiza, imabwerera yokha, osachepa osapyola. Mamiliyoni onsewo atakhala bwinobwino m'mutu umene ife timati mulibe kanthu!

"Bambo, ndaiona," ndinatero ndikulira. "Ndi yathunthu."

Anapendeketsa soroban, n'kuyendetsa chala pamzere kuti mikanda yonse ibwerere m'malo, kenako anaikankhira kwa ine, monga ankachitira kwa wophunzira akamamuuza kuti tsopano ndi iwe. Ndinaphatikiza ndekha, n'kuphonya pakati. Anandimenya kakhofi kuseri kwa dzanja, Achimwene! Namwino uja anangogwira pakamwa.

Choncho kunyumba ya okalambako sapita. Akatuluka ndiwatengera kwathu, zovuta zake ndiziona ndekha, ndipo musandinyengerere.

Mupereke moni kwa alamu anga Fumiko ndi ana. Bwerani chisanu chisanatseke njira, ndipo muyambiretu kuphunzitsa zala zanuzo, chifukwa inu ndi amene munkaphonya kwambiri. Bambo alipo, akudikira.

Ndine mlongo wanu,
Chizuru