Mowa wa Lwiindi Wasasa

Lolemba, 24 Juni
Ndatula migolo iwiri ya madzi kwa amayi ofulula mowa wa Lwiindi, wothokozera mizimu pa zokolola. Ngolo yanga, thukuta langa, malipiro zikomo. Ba Hamaundu, osunga kachisi, alengeza kuti mpaka nsembe ithiridwe, mwamuna aliyense azigona payekha. Ine kuseka. Chibadwire mwana wanga Choolwe, ndimagona kukhitchini ndi nkhuku.

Lachinayi, 27 Juni
Mowa wasasa. Akuti wina wakhudza migolo ali wotentha. Wachinyamata amene anakhudza ndine ndekha. Palibe akunena kuti ofululawo akhala akulawa chiyambire Lachiwiri n'kumadzazitsa ndi madzi. Ba Bina Moono, mkulu wawo, ndawaona ndi maso angawa akupatsa moni chitsa.
Mlamu wanga Mweetwa: "Alamu, sabata imodzi yokha yakukanikani?" Sabata! Ine miyezi itatu.

Lachisanu, 28 Juni
Chigamulo: ndipereke mbuzi yoyeretsera mudzi. Ndili nayo imodzi, ya bere. Ndiyo ndingagulitse Choolwe atadwala. Ndakana. Ndati afunse nkhuku, ndizo mboni zanga. Palibe waseka.

Lamulungu, 30 Juni
Choolwe akutsokomola. Apongozi abwera ndi katundu wawo. Amutembenuza mwana ngati dzungu lapamsika, kenako kundiyang'ana ine: "Mwamudula mwanayu." Amake Choolwe kulira, kulumbira. Sakumveka.
Ndikudziwa kuti sindinachite kanthu. Ndikudziwa. Koma kachifuwa kaja kakamalira, mutu sugwira. Bwanji ngati mizimu nayonso imangomvera zonena anthu?

Lolemba, 1 Julayi
Ndaikoka mbuzi mpaka kwa Ba Hamaundu. Aikana. Ili ndi banga loyera pamphumi, mizimu imafuna yakuda bii. Yakuda bii m'mudzi muno ndi imodzi, ya mphwawo Siachitema. Tonde wokalamba, diso limodzi. Tasinthana, ine kuwonjezera K400. Yanga ya bere, yake ya chifuwa. "Ukugulanso mtundu, mphwanga," watero Siachitema.
Ndapereka K150, ndalama ya sopo ndi mchere.

Lachinayi, 4 Julayi
Zachitika. Ng'oma, nthungululu, mapira atsopano pakachisi. Ine andikhazika pamphasa, kundiwaza madzi a mankhwala ozizira anthu onse akuona. Mowa wosasa uja amwa wonse, sunatsale ndi dontho. Nyama akulu agawana, ine andipatsa chiboda. Mudzi wayera.
Choolwe chifuwa chachepa. Apongozi akuti ndi mbuzi. Botolo la kuchipatala limene ndinatenga Lachiwiri salitchula.

Loweruka, 6 Julayi
Amake Choolwe pomwe ndimamangirira ngolo, chapansipansi: "Poti tchimolo talipira kale, bwanji tingolichita?" Ndasamba ndi sopo womaliza. Kufika pakhomo, apongozi ayala mphasa chopingasa. Akuti sachoka mpaka mwana atakhala pansi yekha.
Nkhuku zandisiyira malo.
Kwa Siachitema kwatsala K250.