Dona wa ku Kabulonga ndi Matewera a Mapasa

Lolemba, 15 Januwale 1996

Chawama yense amve, kuyambira kumsika mpaka kumsewu wa Kafue, ndipo achule a m'zithaphwi ayambe akhala chete: ine Goliati Sakala, Sitandade 4 yakale, Injiniya Wamkulu wa nyumba ino, lero ndatsegula buku la ntchito. Zaka 26 ndinagwira makwerero pafakitale ya mabulangete, mainjiniya ali pamwamba, ine pansi. Nzeru zawo zonse zinkandidonthera pamutu, ndiye dazi mukulionali. Chaka chatha fakitale anaigulitsa. Ogulawo anatenga makina, anatenga ndi makwerero omwe, ine anandisiya.

Nkhani ili apa. Mkazi wanga Mainess anagwira ntchito ya m'nyumba zaka 14 kwa azungu ku Kabulonga. Pochoka m'dziko muno mu Seputembala, anamusiyira chimakina choyera choumitsira zovala, ati dilaya. Chakufa. Tinakachiyesa kwa aneba, chinangoti mmmm ngati munthu wofunsidwa kumene anagona dzulo, mgolo wa m'kati osazungulira. Ndinachitcha Dona, poti ntchito sagwira, amangokhala pakona n'kumayera. Pakali pano thadzi la Mainess likuikiramo.

M'mawa kwafika kalata ya alamu anga a Edwell a ku Katete. Abwera Loweruka ndi lole ya mtedza, abwerera Lolemba lole ili mbee. Ati munda ulipo, khasu lilipo, alamu asamangokhala m'tauni kuwerenga maminibasi.

Mainess wandiwerengera kawiri, kachiwiriko mokweza. Kenako akuti, "Atate a Salome, ndi mvula iyi matewera sakuuma Chawama yense. Makinawa akadzuka ndiye kuti ndapeza ntchito, tikhala. Akapanda kudzuka pofika Lamulungu, tikwera lole."

Ine chikamwini pa zaka 63! Kukapempha mchere kwa Edwell, munthu amene ndinam'phunzitsa ndine kuwoloka msewu wa Cairo atagwira malaya anga.

Watsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Waikamo magambutsi anga.

Lachiwiri, 16 Januwale

Ndayamba ndi kusamutsa thadzi. Landijompha kawiri. Lati likandisumira kwa tcheyamani.

Opaleshoni ndachita ndi mpeni wa patebulo. Masikuluwu 19, ndawaika m'mbale. M'mimba mwa Dona ndapezamo: thonje lotuwa lalikulu ngati mphaka, mabatani 11, sokosi imodzi ya bwana, nthenga, ndi lamba wopyapyala woduka pakati. Lambayu ndiye amazunguza mgolo. Matenda oyamba ndi amenewo.

Achiwiri ndawaona ndekha ndi diso la uinjiniya. Kumbuyo, cha kumunsi, kuli chiboo chachikulu, mkono kulowa mpaka m'chigongono. Ndiye moto wonse suzithawira pamenepa? Azungu nawonso! Anaona kuti munthu akuphika nyemba osavundikira? Ndatsekapo ndi buluku langa lakale la kufakitale, ndamata ndi pulasitiki, ndamanga ndi waya. Ngakhale nyerere siingapume.

Mainess anaima pakhomo. "Atate a Salome, chiboo icho..."

Ndati, "Amake Salome, dokotala akakhala m'fiyeta salankhulitsidwa."

Akuti, "Chabwino, a injiniya." Watuluka kukakonza chipaipi chake chija chamakwinya ngati chitamba cha njovu, chimene anamangirira kudenga kuti chizitsira madzi a mvula mumgolo wathu. Nachonso chinachokera ku Kabulonga. Azungu amataya zinthu zosadziwika mutu wake.

M'sutikesi mwalowa malaya anga awiri.

Lachitatu, 17 Januwale

Magetsi. M'nyumba muno tilibe, kotero ndapita kuseri kwa mpanda kwa ba Nkole, mwini kabala ka mowa, M'bemba wodya anyani, mbuya wanga wa chipongwe kuyambira 1971.

"Ba mbuya, muzafa imwe," akutero. "Vamagetsi si mbeba yakuti mukumbe na khasu."

Ndati, "Anyani onse amene munadya aja akanakupatsani nzeru, bwenzi muli ndi firiji ziwiri."

Wavomera. Akuti akufuna adzaone Mchewa akuwala. Tadutsitsa chingwe pamwamba pa chimbudzi, kulowera pazenera.

Lamba watsopano ndadula ku tchubu cha njinga, malegeni awiri kulumikiza. Ndazunguliza mgolo, ndakokera ku kamota. Ndavula chipewa, ndapemphera pang'ono, ndayatsa.

Dona wazungulira! Kamodzi. Kawiri. Kachitatu legeni lija thwaa! molunjika khutu langa lamanzere. Nthawi yomweyo kubala rumba yazima, firiji yazima, zidakwa zitatu zatuluka kudzafunsa amene wamwalira. Ba Nkole aseka mpaka kukhala pansi m'matope. "Bamulasa na madamu! Ba Sakala bamulasa na madamu!"

Tapangana: Dona azidya magetsi m'mawa mokha, firiji ili chozima.

Mainess wandithira mchere pakhutu. Wandiyang'ana. Kuyang'ana kwakeko kumapweteka kuposa mchere.

Lachinayi, 18 Januwale

Mvula tsiku lonse. Khutu ngati chitumbuwa. M'sutikesi mwalowa jekete la kutchalitchi.

Lachisanu, 19 Januwale

Ndinapita kumsika kwa mai Anna atelala. Chiyambire salaula, zovala za kaunjika zija, anthu sasoketsanso, makina awo awiri opalasa ndi phazi angokhala, aphimbidwa nsalu ngati maliro. Ndapempha malamba achikopa a makinawo. Akuti, "Tengani, ba Sakala, kapena inu muwapezera nchito. Koma khutu mwachita bwanji?" Ndati ndinalimbana ndi akuba anayi. Akuti, "Ee, tinamva. Akuba a tchubu."

Chawama alibe chinsinsi.

Malamba awiri ndalumikiza ndi waya wa hang'ala. Ndatseka kumbuyo. Masikuluwu ndinachotsa 19, ndabwezera 12, ndipo chilichonse chagwira. Asanu ndi awiri otsalawo ndi umboni wakuti kufakitale ya azungu kunalinso kuwononga chuma. Ndawaika m'thumba.

Ndayatsa nditavala ndowa kumutu.

Akuzungulira! Gudu, gudu, gudu, ndipo pakafika pa mfundo ya waya, kwete! Gudu, gudu, gudu, kwete! Nyimbo yeniyeni. Ndavina ndi ndowa yomwe. M'kati mukutentha bwino. Vuto laling'ono: Dona akuyenda. Wachoka pakona, wadutsa mpando, amalunjika kukhomo. Ndikuganiza amafuna kubwerera ku Kabulonga. Ndam'khazika njerwa zinayi pamutu. Vuto lina laling'ono: chitseko chikutseguka chokha. Ndachichirikiza ndi mpini.

Ndauza Mainess atulutse magambutsi anga. Akuti, "Kuzungulira ndi kuumitsa n'zosiyana. Inunso mumazungulira Chawama tsiku lonse."

Mawa mwana wathu Salome abweretsa matewera a mapasa ake. Ali ndi khumi ndi awiri okha, onse anyowa, ana akuwamanga zitenje.

Loweruka, 20 Januwale

Tsiku loipa. Ndilembe msanga lichoke.

Salome wafika 8 koloko ndi beseni. Amayi ena asanu amutsatira kudzaonerera, aliyense mwana kumsana. Ndavala tayi. Ndalankhula mawu ochepa otsegulira mwambo, Salome akuti, "Atate, ana ali maliseche." Ndaponya matewera, ndatseka, mpini, ndayatsa.

Ola limodzi. Ndatsegula. Chinthunzi chandimenya kumaso ngati ndavundukula mphika wa chimanga. Matewera otentha osagwirika, koma onyowa kuposa mmene analowera. Ndati ndi gawo loyamba, azungu amayamba aphika.

Ola lachiwiri. Dona wayamba kudzizimitsa yekha, kupuma, n'kudzukanso. Thukuta kutsika pachitseko. Ndaganiza kuti moto ukuthawabe penapake, ndawonjezera sanza kuchiboo chija, ndamata ndi sopo m'mbali.

Ola lachitatu ba Nkole akufuula pampanda kuti mowa wake wafunda ngati tiyi.

Mayi mmodzi akuti, "Ba Sakala, muikemo chabe kandolo, tidyeko." Onse kuseka. Salome watenga beseni lake, maso ofiira, osandiyang'ana. Icho chandilasa kuposa legeni.

Ndiye pamenepo lole ya Edwell pipiii. Watsika ndi chipewa cha kaubhoyi, mimba patsogolo. Wagwira thewera limodzi, waliponya, wapemerera zala. "Alamu, mwayamba kuphika matewera? Njala yafika pamenepa m'tauni?" Akuti wandisungira munda wa kudambo, wa nsenjere, ndi kanyumba koyandikana ndi khola la nkhumba zake, kuti ndizimva zikafuna kubedwa.

Madzulo Mainess watenga wailesi yanga, waikulunga m'thawulo, waika m'sutikesi. Wailesi! Ndinakakhala panja pa njerwa. Minibasi zikuitana Town, Town, Town. Fungo la makala onyowa. Anzanga a nsolo pansi pa mtengo wa mango akukangana za mbewu imodzi monga dzana ndi dzulo. Ndinabwera kuno ndili ndi tsitsi ndi mano onse. Ku Katete amene ankandidziwa ali kumanda, otsalawo amandidziwa kuti "mwamuna wa Mainess". Nthabwala zanga akazimva ndani, nkhumba?

Nthabwala ya lero ndilibe.

Lamulungu, 21 Januwale

Aleluya! Lembani, a Sakala.

Kutchalitchi mvula inali ya mphepo, ndiye anatseka mazenera onse. Anthu mazana atatu, majekete onyowa, abusa ali pa Yona m'mimba mwa chinsomba. Kutentha! Thukuta kutsika m'makoma, magalasi a abusa kuchita nkhungu mpaka anawerenga vesi limodzi kawiri. Kenaka mkulu wa mpingo anatsegula zenera limodzi. Kamphepo kanalowa, chinyontho chinatuluka, malaya anga anayamba kuuma pamsana. Pomwepo ndinamva mawu m'khutu lotupali: "Goliati, Goliati, m'tsegulire Dona zenera."

Ndinafika kunyumba ngati mnyamata. Ndinazula sopo, waya, pulasitiki, sanza, buluku. Linatuluka lofunda, lonyowa ngati lagwa m'chitsime. Ndinakwera pa mgolo wa madzi, ndinamasula chitamba chija kudenga, ndinachiveka pachiboo. Chinalowa kuti phwa, ngati chinabadwira pomwepo. Mbali inayo ndinaitulutsa pazenera. Ndinapezanso kasefa m'kamwa mwa chitseko, kodzaza thonje, ndinakapukuta.

Ba Nkole anadandaula kuti masana ndi nthawi ya firiji. Ndinati akakana ndikauza akazi awo kumene amabisa botolo la buluu. Anazimitsa firiji.

Salome anabwera ndi beseni, nkhope ili kumbali. Edwell anakhala pampando wanga, miyendo yopingasa, akutokosa m'mano. Gudu, gudu, gudu, kwete! Panja chitamba chikufuka nthunzi, ana a aneba akuotha manja. Chitseko ndinachigwira ndekha ndi msana, mpini unkaterereka.

Mphindi 50. Ndinatsegula.

Ouma. Ofunda, ofewa ngati buledi wa m'mawa. Salome anaika limodzi patsaya, n'kuyamba kuseka ndi misozi yomwe. Edwell anatenga lina, kulifinya, kulinunkhiza, kuliyang'ana pazenera ngati ndalama yachinyengo. Anangoti, "Hmm." Ndinati, "Alamu, nkhumba zija muzipereke moni."

Pofika 4 koloko pakhomo panali mabeseni asanu ndi anayi pamzere.

Lolemba, 22 Januwale

Lole yanyamuka 7 koloko. Yatenga Edwell, matumba opanda kanthu, ndi magambutsi anga, ndam'patsa akhale chikumbutso. Wailesi yabwerera pamalo pake. Jekete silinatuluke, thadzi lasamukira m'sutikesi ndipo laikira kale pakolala. Mainess akuti lisiyeni, ulendo kulibe.

Mabeseni akubwerabe. Mainess ndiye akulandira, kusankha, kulamula. Ine ntchito yanga ndi kukhala pansi n'kutsamira chitseko kuti chisatseguke. Mwina masikuluwu asanu ndi awiri aja anali ndi ntchito ndithu. Zaka 26 kugwira makwerero, tsopano kugwira chitseko. Koma kuno msana ukufunda, ndipo ndikulemba bukuli lili pabondo, zilembo zikudumpha pa kwete aliyense.

Ba Nkole anasuzumira pazenera kufunsa ngati n'zoona kuti mngelo anandilankhula m'tchalitchi. Chawama yense wamva kale. Ndati n'zoona, ndipo amalankhula Chichewa, Chibemba sachidziwa.

Koma buku ili ndi langa, silikauza munthu. Za zenera la kutchalitchi zija ndinapeka. Kutchalitchi ndinagona kuyambira nyimbo yoyamba mpaka Ameni, za Yona ndinachita kufunsa panjira.

Zinayenda chonchi. Titaweruka, Edwell anapita kukaona ngati matayala a lole akadalipo. Mainess anatseka chitseko cha nyumba, anandigwira khutu, lotupa lomwelo, n'kundikokera kumbuyo kwa Dona.

"Chotsani buluku lanu ili. Madzi a m'zovala mukuti atulukire kuti, m'mphuno mwanu? Kakwereni mukamasule paipi ija, ndi ya pamenepa. Zaka 14 ndinkaitulutsa pazenera ndi manja angawa."

Ndinati, "Ndiye inu simukufuna ku Katete?"

"Ndi msana uwu? Kukalimira Edwell? Fulumirani asanabwere."

"Nanga sabata yonseyi osandiuza bwanji, amake Salome?"

Anandisiya khutu, anakonza duku lake bwinobwino.

"Dokotala akakhala m'fiyeta salankhulitsidwa."

Koma matewera atauma, Edwell atafunsa kuti nzeru imeneyi yachokera kuti, Mainess anapinda thewera, osandiyang'ana n'komwe, n'kuti, "Achimwene, mwaiwala? Amuna anga ndi injiniya."

Izo zokha sindinapeke.