Dzina la pa Chibangili

Mlongo wanga Minas,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga ku Pireasi, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tili moyo. Mwana akukula, wayamba kugwira chala cha munthu osachisiya.

Ukukumbukira chilimwe chimene malemu amayi athu, a Marigo, ankatitenga kukapala mchere m'maenje a miyala, kunsi kwa tchalitchi cha Nikola Woyera? Tsiku lina anandigwira pamimba ndi dzanja lamchere, ati, "Marigo wamng'ono ali m'menemu, usadzamutaye." Iwe unaseka mpaka kugwera m'madzi. Ine ndinalira, poyesa kuti ndameza munthu.

Pamiyala pomwepo, pachilumba chathu chino, ndi pamene pali hotela tikukhalayi. Maenje aja anawathira simenti n'kumangapo dziwe la ana, lokhala ndi chule wapulasitiki wolavula madzi. Nyanja ili apo, yaulere, koma anthu amalawirira kukayala matawulo pamipando ya padziwe ngati akulimbirana manda. Mmawa uliwonse bambo wina wandevu amavala ngati nsomba n'kumavinitsa ana. Ndi Lefteris uja wa kwa ophika buledi. Tonse awiri timanamizira kusadziwana.

Apongozi anga, mayi Stavroula, ndiwo anasankha malo ano. Ati ubatizo wa khandali uchitikire kwanu, mwana wanga, usadandaule, koma abale athu a ku Trikala sangagone m'khola la mbuzi. Kholalo akunena nyumba ya amayi, Minas. A ku Trikalawo abwera mudzi wonse. Amadzaza mbale mpaka kusefukira, akatha kudya n'kumati tchizi cha pachilumba n'chosakoma.

Pakhomo aliyense amamuveka chibangili chapulasitiki cholembedwa dzina, kuti azidya ndi kumwa osafunsidwa. Ndi makanda omwe. Mtsikana wolandira alendo atafunsa dzina la mwana, ndinati alibe, sanabatizidwe, timangomutcha Beba ngati khanda lina lililonse. Apongozi anandikankha ndi chigongono. Amvekere, "Lemba Stavroula, iwe, usamvere aphunzitsiwa, anawerenga mabuku mpaka kuiwala kuyankha funso." Ndipo analembadi.

Kwawoko mwana woyamba amatenga dzina la agogo ake akuchimuna. Kwathu kuno ukudziwa wekha: mwana wamkazi woyamba amadzutsa dzina la agogo ake akuchikazi. Ndinamuuza mwamuna wanga Thanasis zimenezi tisanakwatirane, iye n'kulumbira kuti mwambo wokoma chotere sanaumvepo. Dzulo ndinamukumbutsa ali chigonere padziwe, mafuta odzola padzuwa ali mbuu pamphuno. Anati dzina ndi dzina basi, amayi ako anapita, sadzamva, pamene anga amadwala mtima. Atatero anandituma kuti ndikamutengere ayisikilimu, pakuti ngwaulere. Bambo wamkuluwamkulu, chibangili padzanja ngati nkhuku ya pamsika.

Nanenso sindikudzichotsa m'gululi. Ndinathera unyamata wanga ku yunivesite ndikuphunzira mbiri ya zilumba zino, koma apongozi atandionetsa timaliboni tomangira maswiti a alendo, tosindikizidwa kale Stavroula, ndinangoti mtundu wake ngwabwino.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati sindikuyambana ndi amoyo chifukwa cha munthu amene sangathokoze. Mwina Thanasis akunena zoona. Koma mkulu wake ali kale ndi mwana dzina lake Stavroula, msuweni wake alinso ndi wina. Ukaitana padziwepo amacheuka atatu. Marigo palibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo pali chimene sindinakuuze: adokotala anati Beba ndi woyamba, ndi wotsiriza yemwe.

Tsono pempho langa nali. Loweruka ndiwe udzanyamule mwana monga bambo wake wa ubatizo. Wansembe sadzafunsa ine, sadzafunsa Thanasis, sadzawerenga maliboni. Adzafunsa iwe, ndipo dzina limene udzatchule ndi lomwe mwana adzalowe nalo m'madzi. Apongozi akudalira ulemu wako, ati ndiwe munthu wofatsa ngati ine. Udzanene Marigo, mokweza, kuti a ku Trikala akumbuyo amve. Wina akadzakomoka, m'hotela muno muli namwino, nayenso ngwaulere.

Mkwiyo wawo ndidzausenza ndine. Ndidzaima pambali pako, ndipo ndidzanena ndi pakamwa pangapa kuti ndinakutuma. Ngati ukuona kuti ndikulakwa, udzandiuze padoko ukamatsika sitima yapamadzi. Pafoni ayi. Makoma a muno ngopyapyala, ndipo ukandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndigonja.

Undiperekere moni kwa alamu Despina ndi ana. Namwali Maria akuyendetse bwino panyanja.

Kanthu kamene ukapeze pakati pa mapepalawa ndi chibangili cha Beba chija. Ndachidula ndi kalumo kowengera zikhadabo. Akuti popanda icho mwana sapatsidwa chakudya cha hotela. Asamupatse, amayamwa. Sitima yopita ku Pireasi yalira kale, ndipo msuweni wathu Kalliopi, wa kukhitchini kwa sitimayo, waima pano atatambasula dzanja. Ndapinda kalatayi, ndikumupatsa ndisanayambe kuwerenganso.

Ndine mlongo wako,
Fotini, mwana wa Marigo