Oki Wofiira wa Pachitunda

Osseo, Wisconsin
12 Ogasiti 2019

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kulola, ndipo dzuwa la ku Arizona silikukupwetekani. Kuno tili bwino. Udzu tinatentha mu Epulo uja wafika m'chiuno, ndipo dzana ndinaonamo gwape wamkazi ndi ana awiri.

Koma Bambo, mtima wanga suli m'malo. Mitengo itatu ya oki kumunsi kwa chitunda yayoyola masamba onse, chonsecho nyengo yake sinakwane. Mlangizi wa zankhalango akuti ndi matenda ofotetsa aja. Amalowera pabala munthu akasadza nthambi nyengo yofunda, kenako amayenda m'mizu. Oki woyera amapirira, wofiira sachedwa kufa. Musandifunse amene anasadza nthambi mu Meyi kuti aziona bwino agwape. Sindinena.

Akuti tikumbe ngalande yodula mizu kuzungulira malowo, ndipo ofiira onse a m'kati agwe, ngakhale amoyo. Tikazengereza, nkhalango yonse ipita, agwape nawonso asamuka.

Dzulo ine ndi mchimwene wanga Duane tinayenda ndi penti, monga munatiphunzitsira: woyera wa masamba a nsonga zobulungira tisiye, wofiira wa nsonga zosongoka tipake kuti adulidwe. Tinafika pa mtengo waukulu uja, pamene munakhoma mpando wanu wodikirirapo agwape. Uli m'kati mwa mzere wa ngalande ija, Bambo.

Duane anaima n'kuutsamira. "Uwu ndi woyera, achemwali."

"Iwe, maso ako ali kunkhongo? Tagwira tsambali, likubaya chala!"

"Ndati ndi woyera. Mwayamba liti ukatswiri inuyo?"

"Nanga njere zake zowawa zija, zimene agwape amadya zotsekemera zikatha?"

Anandilanda chitini cha penti n'kuchiponya m'tchire. Munthu wamkulu ndevu pepeya, misozi ili mbwembwembwe! Akudziwa bwino lomwe kuti ndi wofiira. Usiku wathawu sanadye, ndipo macheka onse wawatsekera m'galimoto yake. Akuti mtengowo sugwa pokhapokha inu mutanena ndi pakamwa panu.

Makina okumba abwera sabata yamawa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu akanandithawa, komanso ndimaopa kuti mukwiya musanamve zonse. Chonde muyimbireni Duane, mumuuze kuti adule. Musamufunse za nthambi zija kapena china chilichonse, ndapota nanu. Mukapanda kuyimba, ndikabwereka macheka kwa a Tollefson, aneba athu, ndikaugwetse ndekha. Bola mukwiyire ine, amene munazolowera kundikhululukira.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Verna, ndipo muwathokoze pokusamalirani. Merle, mwamuna wanga, akuti mumwe mankhwala osanyinyirika. Duane nayenso akupereka moni. Sanandiuze kuti nditero ayi, koma m'mawa uno ndinamupeza atakwera mumtengo muja, akumasula mpando wanu pang'onopang'ono kuti usathyoke.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lorna