Lilime Pamaso pa Apongozi

Lolemba, 9 Seputembala

Ndayamba kuyeserera uphunzitsi. Kalasi yanga ndi anthu asanu ndi atatu ogulitsa zipatso mumsewu wokwera kuphiri, timakumana pansi pa mapaini. Akufuna Chingerezi cholankhulira ndi alendo. Lachisanu a Stambuli akubwera kuchokera kukoleji kudzandiyesa. Ndikalephera ndibwereza chaka.

Lero s ndi z. Chala pakhosi. Pa s kuli zii, pa z pakhosi pakunjenjemera ngati foni m'thumba. Aseka mpaka misozi.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Wophunzira watsopano: a Magret, mayi ake a mkazi wanga Sheila. Zaka zinayi chikwatirire mwana wawo sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ya ku Mulunguzi ndimapatukira kutchire. Lero akhala kutsogolo penipeni, kope m'manja.

F ndi v, mano apamwamba pamlomo wapansi, ndaphunzitsa nditayang'ana mtengo.

Lachitatu, 11 Seputembala

Uthenga wa a Stambuli: akufuna adzaone ndikuphunzitsa liwu loyamba la "thank you". Lija loika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kutulutsa mpweya. Silimveka pofotokoza, limafuna kuonetsa. Ine kutulutsira apongozi lilime?

Sheila wangofa nalo phwete. Akuti ndidzavale masiki ya korona. Iye akuseka, ine ndili ndi mantha enieni.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndajambula kamwa pakatoni. A Latif a mapichesi akuti ndajambula ng'ona. Onse akadali pa "tenkyu" wawo wakale. Apongozi kumangolemba.

Lachisanu, 13 Seputembala

A Stambuli anakhala pachitsa, faelo pamwendo. Nditafika pa liwu lija ndinagwetsa maso. Za mano ndi mpweya ndinayamba kulongosolera nsapato zanga. Cholembera cha a Stambuli chinayamba kuyenda, ndinadziwa kuti zanga zada.

Apongozi anadzuka, n'kukhalanso pansi atandipatsa msana. M'chitenje anatulutsamo galasi lothyoka la njinga yamoto n'kulikweza paphewa.

"Aphunzitsi, ine ndikuyang'ana galasi langa, sindikuyang'ana munthu. Tationetsani."

Ndinatulutsa lilime. Kalasi yonse inatulutsa. M'galasimo ndinaona la apongozi lili pakati pa mano bwinobwino, mpweya ukutuluka. Pocheuka, a Stambuli nawo lawo lili panja, akuchonga pafaelo.

Sheila wabwerako kwawo ndi mbale ya mastroberi. Akuti amayi ati kalasi isathe, Lolemba abweranso ndi galasi lawo.