Amenya Kapena Agundidwa

Ine 10:42
alamu muli mkalasi? onani izi, zachokera kwa bwana wa achimwene anu ku warehouse

Ine 10:42
↪ Madam good morning. There was a hit at loading bay, your husband involved. Police coming. Will call

Ine 10:43
inu aphunzitsi a english tandimasulireni. amenya ndani ulendo uno

Alamu 10:51
ndatuluka panja. palibe pomwe alemba kt mlongo wanga shoti wamenya munthu

Alamu 10:52
hit ndi mawu otakata alamu. forklift ikagunda shelefu ndi hit. katoni ikakugwera pamutu ndi hit. olo nyimbo ikatchuka amati hit

Ine 10:52
apolisi amabwerera nyimbo?

Alamu 10:53
mwawaimbira abwanawo?

Ine 10:53
sakuyankha. ya a shoti nayo ikungoitana

Alamu 10:54
pitani konko pls. ine mukudziwa kutalika kwa kuno

Ine 10:56
ndili ndi customer pampando, mutu ndaluka theka. mwini salon watuluka, makiyi wasiyira ine

Ine 10:57
komanso ndikaime pamaso pa anzawo ndi diso lotupa ili?

Alamu 11:01
🎤 0:24 Alamu, tamverani. Za Lamlungu zija ndinamukalipira, inunso munamva. Koma mlongo wangayu kuntchito sapsa mtima, amaopa kuchotsedwa. Mwina wangogunda khoma ndi chigalimoto chake chija, azungu akukuza nkhani. Tisathamangire kumuweruza.

Ine 11:03
eya kuntchito sapsa mtima. amausungira kunyumba

Ine 11:04
lamlungu munati sanandimenye, anangondikankha ine nkugunda chitseko ndekha. mawu mumadziwa kuwasankha inu

Alamu 11:04
si nthawi yake ino

Ine 11:06
ngati amenya mwana wa eni akagone ku cell. ine ndi mwana wanga tigoneko tulo

📞 Alamu 11:07, foni yosayankhidwa
📞 Alamu 11:15, foni yosayankhidwa

Alamu 11:44
ndapeza nambala ya mlonda wa pageti pawo. ndamulowetsa muno, mufunseni nokha

Mlonda 11:46
mwaswera bwanji amayi. pepani ndi zomwe zachitikazi

Ine 11:47
taswera. ndiuzeni chilungamo bambo, amenyana ndi ndani

Mlonda 11:47
ndewu kunalibe mayi

Mlonda 11:50
🎤 0:41 Mayi, a Shoti anatsika pa forklift kuti achotse pallet inali m'njira. Ndiye lole yodzatenga katundu imabwerera m'mbuyo, kabelu kake kaja sikamalira. Yawapanikiza kukhoma la bay. Dalaivala atamva anthu akukuwa wangotsika n'kuliyatsa liwiro, lole waisiya ikulira. Apolisi akufuna iyeyo. Abwana akuti ndi hit and run.

Alamu 11:51
mayo ine

Ine 11:51
akulankhula?

Mlonda 11:53
pomwe timawakweza mgalimoto amalankhula pang'ono. amati miyendo sakuimva. anawatengera ku chipatala chachikulu, kalekale

Ine 11:53
nanga bwana wanuyo osangolemba kt agundidwa bwanji

Mlonda 11:55
sindidziwa mayi. ife atiuza tisalankhule ndi munthu. ndituluke muno chonde, ntchito ndi yomweyi

Ine 12:02
customer ndamumanga mpango ndatseka. ndili pa stage

Alamu 12:03
🚫 uthenga wafufutidwa

Ine 12:03
ndauwerenga kale. eya ndikananyamuka nthawi ija

Alamu 12:04
pepani. mutu sukugwira. ndapempha kwa ahedi, ndikwera bus ya 1

Ine 12:31
pamsewu padzadza. tangoima

Alamu 12:32
tsikani mukwere njinga

Alamu 12:49
mwafika?

Alamu 12:58
alamu

Ine 13:06
ndafika. ku ward sakundilowetsa. nurse wandiika mkachipinda kena kt ndidikire dokotala. muli mipando itatu ndi bokosi la tissue

Alamu 13:06
ayi. tulukanimo mmenemo. funsani bed number

Alamu 13:14
akuti chani

📞 Alamu 13:20, foni yosayankhidwa

Ine 13:33
atisiya alamu

Ine 13:34
akuti atsirizikira ku theatre. ine ndili mu bus muja

Alamu 13:36
🎤 1:52

Ine 13:41
sindikumva zomwe mukunena. lirani kaye

Alamu 14:02
amayi musawaimbire, bp yawo mukuidziwa. ndikawauza ndekha pamaso

Ine 14:03
ok

Alamu 14:03
mwana akuweruka nthawi yanji

Ine 14:05
ndapempha aneba akamutenge. ndawauza asanene kanthu, amupatse chakudya basi

Alamu 14:19
abale ayamba kufika madzulo ano. amalume, azakhali onse

Alamu 14:21
ndikupempheni chinthu chimodzi ngati mkulu wanu. mugule magalasi akuda panjira. munthu wapita, tisamuvule pagulu

Alamu 14:30
simunandiyankhe

Alamu 14:44
mwalowa kukamuona?

Ine 14:58
ndalowa. kumaso alibe bala olo limodzi. overall aidula ndi sizasi, andipatsa mu jumbo pamodzi ndi lunch box. sanadye

Alamu 14:59
akuoneka kt wavutika?

Ine 15:01
ayi. ngati agona

Ine 15:07
dzanja lawo linatulukira panja pa nsalu. ndaligwira alamu

Ine 15:08
ndakhala nalo nthawi yaitali. aka nkoyamba kuligwira osaliopa